Loko ali pachitseko, wakuba walowera m'foni

Mukayenda pa Mponela dzuwa litalowa, mumaona ndalama zomwe eni masitolo amalowetsa kuti katundu wawo agone bwino. Chitseko chachitsulo, maloko awiri kapena atatu, zitsulo pazenera, ndiye pakhonde mlonda wafunda chijasi, tochi m'manja, chibonga pambali. Ena afika poika makamera. Pa Madisi n'chimodzimodzi, pa Malomo n'chimodzimodzi, pa Ntchisi boma n'chimodzimodzi. Palibe cholakwika pamenepo, mbava zothyola nyumba sizinathe. Koma tafunsani mwini sitolo aliyense kuti ndalama za bizinesi yake zimagona kuti. Sizigonanso m'kabati ayi. Zili mu Airtel Money, zili mu Mpamba, zili kubanki komwe amazifikira ndi Mo626 kapena app ina, ndipo zonsezo zili m'foni imodzi ya galasi losweka yomwe madzulo ana amaonerapo TikTok.

Mlonda akulondera matumba a feteleza. Ndalama zogulira fetelezayo palibe akuzilondera.

Nkhaniyi ndi yanu inu anzanga a zaka za m'ma 20, chifukwa m'mabanja ambiri a IT ndinuyo, kaya munaphunzira za makompyuta kaya ayi. Ndinu munatsegulira bambo WhatsApp ya bizinesi. Ndinu munawasankhira pasiwedi, ndipo tisanamizane, tonse tikudziwa kuti ndi chaka chawo chobadwa. Mayi akalandira uthenga wosamveka amaimbira inu, ngakhale muli ku Lilongwe kapena ku Joni. Ndiye tsiku lomwe ndalama za chigayo kapena za golosale zidzasowe m'foni, maso onse adzayang'ana kwa inu.

Dowa si mlendo pa nkhani ya ndalama zoyenda pamakina. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, bungwe la Concern Worldwide linkapereka ndalama kwa mabanja pafupifupi 11,000 a m'bomali omwe sanakolole bwino, ndipo zinkadzera ku Opportunity International Bank of Malawi. Munthu ankapatsidwa khadi, galimoto ya banki inkabwera kumudzi, iye n'kudinda chala pamakina kuti atenge zake. Taganizani, nthawi imeneyo anthu ambiri a m'tauni anali asanaonepo zotero. Kiyi wa ndalamazo chinali chala cha mwini wake, ndipo kuti umubere unayenera kukhala pomwepo, pamaso pa mfumu ndi mudzi wonse. Airtel Money itabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, galimoto ija sinafunikenso. Kiyi anasanduka timanambala tochepa tosunga m'mutu. Ubwino wake tonse tikuudziwa. Koma chala sungachipemphe pafoni, pomwe nambala yachinsinsi munthu akhoza kukupempha mwaulemu ali kutali, iwe n'kumupatsa ndi manja awiri.

Amene amaganiza kuti za kubedwa pa intaneti ndi za m'mafilimu anaphunzira mu 2024. Kuyambira Januwale chaka chimenecho, nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti. Pa 21 Febuluwale, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina a nthambiyo ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Panali mkangano ndithu, ena ankati gwero lake ndi kusamvana ndi kampani yomwe inkayendetsa makinawo kale. Kaya gwero linali liti, chomwe tonse tinaona n'chakuti maofesi anali otsegula, alonda ali pageti, ogwira ntchito ali pamipando, koma ntchito itaima mpaka mu Malichi. Wofuna kukagula katundu kunja anakhala pansi. Wopeza sukulu kunja anakhala pansi. Palibe loko ndi mmodzi yemwe amene anathyoledwa.

Kuba kofuna dipo kumeneku kumayenda chonchi. Pulogalamu yoipa imalowa mu kompyuta, kawirikawiri kudzera mu imelo kapena fayilo yomwe wina watsegula mosadziwa. Siichita phokoso. Imakhala phee masiku kapena masabata, ikuyenda kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa iyo, kenako tsiku limodzi imatseka mafayilo onse ndi kiyi amene ali ndi akubawo okha. Masiku ano amayamba akopera kaye mafayilowo, kuti ukakana kulipira akuopseze kuti amwaza zinsinsi za makasitomala ako poyera. Banki yaikulu ya Zambia inakumana nazo mu Meyi 2022, gulu lotchedwa Hive ndilo linachita, ndipo bankiyo inakana kulipira. Mu Julayi 2021 kampani ya Transnet, yomwe imayendetsa madoko a South Africa, inagwidwa chimodzimodzi moti pa Durban anabwerera ku pepala ndi cholembera. Durban ndi limodzi mwa madoko omwe katundu wathu amadzera.

Ndikudziwa zomwe amalume anu a pa Mvera anganene: "Ine si boma, ine si banki, angandifune ndani?" Yankho lake n'losasangalatsa. Ambiri mwa akubawa sasankha munthu. Ali ndi makina omwe amagogoda pazitseko zikwizikwi usiku umodzi, chomwe chatseguka amalowa. Zili ngati woponya khoka, safunsa dzina la nsomba. Chinanso, wamng'ono ndiye njira yofikira kwa wamkulu. Malo ogona alendo a pa Mponela amadzaza ndi misonkhano ya boma ndi mabungwe chaka chonse, ndipo m'makompyuta awo muli mayina, manambala a foni ndi ma invoice opita ku maofesi akuluakulu. Wolowa mu imelo ya malo otero sakufuna ndalama za chipinda chimodzi, akufuna kulembera bungwe lija m'dzina la malowo.

"Koma tinaika antivirus." Chabwino, ndipo musaichotse. Kungoti dziwani ntchito yake. Antivirus yachikale ili ngati mlonda amene wapatsidwa zithunzi za mbava zodziwika m'dera. Ikabwera nkhope yomwe ili pachithunzi, amaigwira. Ikabwera yatsopano, kapena yakale yomweyo itameta ndevu, imadutsa. Opanga mapulogalamu oipa amawasintha maonekedwe tsiku ndi tsiku pa chifukwa chomwechi. Ndipo akabwera munthu atanyamula kiyi weniweni wa bwana, kutanthauza pasiwedi yolondola, mlondayo amamuchitira sawatcha n'kumutsegulira yekha.

Onjezani apo makompyuta omwe tili nawo. Lowani m'malo otayipira ndi kusindikizira makalata pa boma lililonse, mupeza Windows 7 ikugwirabe ntchito, pomwe Microsoft inasiya kuitumizira zigamba zachitetezo mu Januwale 2020. Windows 10 nayo inasiyidwa pa 14 Okutobala 2025. Mapulogalamu ambiri ndi ongokopera kwa mnzako, fulashi imodzi yayenda m'makompyuta khumi kuyambira m'mawa. Ndiye pali GB WhatsApp. Anzanga, ndikudziwa kukoma kwake, kuwerenga uthenga womwe munthu wafufuta n'kosangalatsa. Koma pulogalamu imeneyo sinapangidwe ndi eni WhatsApp, simudziwa amene anaisoka, ndipo mwaipatsa chilolezo choona zonse za m'foni momwe mulinso ndalama za sitolo. Pafoni yanu yachibwenzi zili ndi inu. Pafoni ya bizinesi, ayi.

Tsono pali kuba komwe tinakuzolowera mpaka timakuseka. Uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, dzina lituluka lakuti. Kapena wina kuimba kuti watumiza ndalama molakwitsa, chonde mubweze, mwana ali m'chipatala. Timajambula n'kuika pa status, tonse n'kuseka. Koma mu 2023 bungwe la MACRA linanena kuti Amalawi akuberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha ndalama za pafoni, ndipo zakhala zikumveka kuti ena mwa mauthengawa amachokera m'kati mwa ndende ya Zomba. Kulembetsa ma SIM kwa mu 2018 kunayenera kuthetsa zimenezi, koma akathyali anangoyamba kugwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Ngati njira yosekedwayo ikukolola chonchi, nanga yomwe sitingaizindikire?

Tiyerekeze wogulitsa zipangizo zaulimi pa Madisi, mwezi wa Novembala, mitambo yayamba kuda kumapiri. Feteleza amaoda kwa munthu mmodzi wa ku Kanengo, akhala akugulitsana zaka zisanu, zonse amakambirana pa WhatsApp. Tsiku lina munthu wa ku Kanengoyo alandira uthenga ngati wochokera kwa mnzake: pepani, nambala yanga yalowa kwa inu mwangozi, tanditumizireni manambala 6 omwe abwera pa SMS. Atumiza. Basi, WhatsApp yake yapita, chifukwa manambalawo ndi omwe amatsegulira akaunti pafoni ina. Wakubayo tsopano ali m'magulu onse a amalonda omwe mwini wake analimo, akuona amene amaoda, mitengo yake, ndi momwe amalankhulirana. Kenako alembera wa pa Madisi uja, pa nambala yomweyo, chithunzi chomwecho: katundu wafika koma akutha, akaunti yathu yakale ili ndi vuto, lipirani pa iyi lero kuti thiraki inyamuke mawa.

Mundiuze, ndi antivirus iti ingagwire zimenezo? Foni ya wa pa Madisi ilibe kachilombo. Nambala yachinsinsi sanauze munthu. Ndalama watumiza yekha, ndi chala chake, akuthokoza kuti amusungira matumba.

Kale tinkawagwira ndi chilankhulo. Chingelezi chawo chinali chothyokathyoka, Chichewa chawo chinali cha munthu woti sanamwepo thobwa. Chizindikiro chimenecho chikutha. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo mapulogalamu a AI a masiku ano amalemba kalata ya bizinesi yosalala kuposa ya ena a ife omwe tili ndi madigiri. Mawu nawo akukopedwa. Kumayambiriro kwa 2024, wogwira ntchito pa kampani ya Arup ku Hong Kong anaitanidwa ku msonkhano wa pa vidiyo. Anaona mkulu woyang'anira zachuma wa kampaniyo ndi anzake ena omwe amawadziwa, nkhope zawo, mawu awo. Anamuuza kuti atumize ndalama, iye anatumiza pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America. Pamsonkhano wonsewo munthu weniweni anali iye yekha, ena onsewo anali zithunzi zopangidwa ndi makina. Poyamba iye anakayikira imelo yomwe inabwera, chomwe chinamuchotsa mantha ndi kuona nkhope. Ife ndiye timakonda ma voice note kuposa kulemba, mawu a bambo anu ali m'magulu a mpingo, a mudzi, a kalabu ya fodya, aliyense akhoza kuwatenga.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndikuona kuti bowo lalikulu m'mabizinesi athu si la makina. Ndi ulemu. Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula sufunsa kawiri. Mtsikana wogulitsa m'sitolo akalandira uthenga wochokera pa nambala ya bwana woti tumiza K400,000 kwa uyu msangamsanga ndili pamaliro, angayerekeze kuimba n'kufunsa kuti bwana, ndinudi? Akuopa kuoneka wamwano. Akuopa kumva kuti kodi ukundiyesa wabodza. Msungichuma wa kopaletivi ya soya ku Ntchisi akauzidwa ndi "wapampando" kuti wogula wasintha akaunti, amaona ngati kufunsa ndi kunyoza mpando. Akuba amadziwa zimenezi kuposa ife. N'chifukwa chake mauthenga awo amakhala ndi zinthu zitatu nthawi zonse: dzina la munthu wamkulu, changu, ndi chifukwa chomwe simungamuimbire. Ndili mu msonkhano. Ndili kuchipatala. Foni yanga yagwera m'madzi, ndabwereka iyi.

Ndiye chitetezo chenicheni chiyambire kwa mwini bizinesi, osati kwa wantchito. Bambo anu, kapena amalume, kapena inuyo ngati bizinesi ndi yanu, muitane onse ogwira ntchito n'kunena ndi pakamwa panu kuti: uthenga uliwonse wokhudza kutumiza ndalama kapena kusintha akaunti, ngakhale uchokere pa nambala yanga, ngakhale mumve mawu anga, mundiimbire pa nambala yomwe mumaidziwa kale, ndipo sindidzakwiya. Mawu omalizawo ndiwo ofunika. Ndipo tsiku lomwe mwana wa eni adzaimbedi inu muli pakati pa maliro enieni, musadzamukalipire, chifukwa mukadzatero kamodzi kokha lamulolo lafa. Kuuza munthu wamkulu zimenezi kumafuna nzeru, ndikudziwa. Musawauze kuti akhoza kupusitsidwa, palibe bambo amavomera zimenezo. Auzeni kuti pali anthu omwe akhoza kuba dzina lawo n'kubera nalo ena. Dzina ndiye amaliteteza.

Kuimbako kukhale kuimba kwenikweni, pa nambala yomwe ili m'kope kapena pa lisiti lakale, osati yomwe yabwera mu uthengawo, komanso osati pa WhatsApp pomwe pakhoza kukhala pali wakubayo. Ndalama zikakhala zambiri, anthu awiri avomereze. Makalabu ndi mabanki a m'mudzi anazidziwa kalekale izi, bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Chodabwitsa n'chakuti gulu lomwelo likasamutsira ndalama pafoni, makiyi atatu aja amasanduka nambala imodzi m'mutu mwa munthu mmodzi.

Palinso vuto lina lomwe ndi lathu ife a kumapiri. Wakuba akakwanitsa kutenga SIM yatsopano pa nambala yanu, ponamizira kuti ndi inu ndipo yakale yatayika, foni yanu imangotaya netiweki. Mauthenga onse a banki, kuphatikizapo manambala otsimikizira aja, amayamba kupita kwa iye. Munthu wa mu Area 47 netiweki ikasowa ola lathunthu amadabwa. Koma kwa Nthondo, kapena kuseri kwa phiri la Ntchisi, netiweki kusowa ndi nkhani? Umangoti ibwera, mwina magetsi azima pa nsanja. Tsiku likhoza kutha. Choncho chizolowezi chikhale ichi: yanu ikasowa, yang'anani ya mnzanu wa kampani yomweyo. Ngati yake ili bwino pamalo omwewo, ndipo mwazimitsa n'kuyatsanso koma zii, bwerekani foni muimbire kampani ya foni ndi banki nthawi yomweyo. Makamaka miyezi ya Epulo mpaka Ogasiti, pomwe ndalama za fodya wa ku Kanengo ndi Chinkhoma, za soya ndi za mtedza zikulowa m'maakaunti. Akuba nawo amadziwa kalendala ya mlimi.

Za ma screenshot sindichedwapo. Tsiku la msika, anthu ali piringupiringu, kasitomala akuonetsani foni yake kuti onani ndatumiza. Chithunzi si ndalama, ndipo SMS nayo imapangika. Onani balansi pafoni yanu, katundu atuluke pambuyo.

Zina ndi za mphindi zochepa. Mu WhatsApp muli malo oikira nambala yachiwiri yachinsinsi, pa two-step verification, ndipo ikakhalapo, wakuba uja ngakhale apeze manambala 6 a pa SMS amakakamira panjira. Ikani pa foni ya bambo, ya mayi, ya sitolo, sabata ino. Chitani chimodzimodzi pa imelo ndi pa Facebook. Ngati n'kotheka, ndalama za bizinesi zikhale pa SIM yakeyake m'kafoni ka mabatani, komwe sikalowa pa intaneti ndipo ana sakagwira. Kafoni kotero mtengo wake sufika pa thumba limodzi la feteleza.

Pa nkhani ya mafayilo, pali nkhani yomwe imandisangalatsa. Mu Juni 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa NotPetya inawononga makompyuta a Maersk, kampani ya sitima zapamadzi yomwe makontena ake mumawaona pamsewu wa M1. Inataya madola pafupifupi 300 miliyoni. Makina onse osunga ndondomeko ya amene amaloledwa kulowa mu netiweki ya kampaniyo anafufutika, m'maiko onse, kupatula amodzi okha. Amenewo anali mu ofesi ya ku Ghana, ndipo anapulumuka chifukwa magetsi anali atazima pa nthawi ya chiwembucho, ndiye sanali olumikizidwa. Kampani ya padziko lonse inadzukira pa kuzima kwa magetsi. Sindikunena kuti tiyambe kuthokoza ESCOM, aise. Ndikunena kuti chomwe sichinalumikizidwe sichigwidwa. Koperani mafayilo a bizinesi pa hard drive kapena fulashi yosiyana Loweruka lililonse, muichotse pa kompyuta, ikagone kunyumba. Ndipo kope lija la ngongole lomwe mumaseka mayi kuti ndi lachikale, lisiyeni lipitirire. Tsiku lomwe laputopu idzatsekedwe, ndi kopelo lomwe lidzanene amene ali ndi ngongole ya matumba angati.

Malamulo alipo. Pali la 2016 loona za malonda a pamakina ndi chitetezo cha pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa MACRA kuti lizithandiza pakachitika ziwembu zotere. Palinso Data Protection Act ya 2024, yomwe ikuti wosunga zinsinsi za anthu ena ali ndi udindo wozisamala. Ili likukhudza ambiri kuposa momwe tikuganizira. Ejenti amene foni yake yadzaza ndi zithunzi za ziphaso za makasitomala, kachipatala kapulaiveti, sukulu yapulaiveti yomwe ili ndi mayina a ana ndi manambala a makolo, onsewo akusunga katundu wa eni. Koma lamulo limabwera ndalama zitapita kale, ndipo kuchokera pa Malomo kukafika ku ofesi yomwe ingamve nkhani yotere ndi ulendo.

Mwa ichi ndimaona mpata wa ntchito womwe achinyamata tikuudutsa. Pa Dzaleka pomwepa pali achinyamata omwe aphunzira kulemba mapulogalamu pa TakenoLAB, ndipo m'maboma awiriwa muli ambiri omwe anamaliza za ICT koma ali pakhomo. Masitolo, zigayo, makopaletivi ndi malo ogona alendo safuna katswiri wa ku Blantyre wa suti. Akufuna munthu wodziwika kwawo, wobwera kamodzi pamwezi, woona ngati makompyuta alandira zigamba, wokopera mafayilo, wokhala pansi ndi antchito theka la ola n'kuwaonetsa mauthenga abodza omwe akuyenda mwezi umenewo. Mwini sitolo amene amalipira mlonda mwezi ndi mwezi akhoza kumva nkhani imeneyi, bola muifotokoze m'Chichewa, osati m'chizungu cha m'kalasi.

Zikachitika, chifukwa kwa ena zidzachitika ndithu, mdani woyamba ndi manyazi. Munthu wa bizinesi amaopa kuti pa trading centre adzamuseka, ndiye amakhala chete masiku awiri akudziguguda pachifuwa, pomwe ndalama zotere zimachotsedwa kwa ma ejenti angapo m'maola ochepa. Ola loyamba ndilo la mtengo wapatali. Imbirani kampani ya foni kapena banki kuti ayese kuimitsa akaunti yomwe yalandira. Musafufute uthenga uliwonse, jambulani zonse pamodzi ndi nambala ya transaction, mupite nazo kupolisi. Kenako bwerekani foni ina muuze makasitomala, oodako katundu ndi magulu onse omwe mulimo kuti nambala yanu ili m'manja mwa wina, chifukwa pomwe inu mukulira, iye ali kale kalikiliki kulembera mlamu wanu wa ku Joni kuti mwagonekedwa pa chipatala cha Madisi ndipo pakufunika ndalama ya mankhwala.